MAU NDI MATANTHAUZO AKE: Zining'a za baseball zimene alendo abwera nazo ku Livingstone

MZINDA wa Livingstone umadalira alendo monga momwe munda udalira mvula. Woyendetsa takisi amene adikira pa bwalo la ndeke la Harry Mwaanga Nkumbula, wosema ziboliboli wa pa msika wa Mukuni Park, mai wolandira alendo pa khomo la hotela, mnyamata wopalasa bwato la mphira m'cigwa ca Batoka, onsewa nsima yao ya tsiku ndi tsiku icokera pa kumvana bwino ndi munthu wocokera kutali. Ambiri mwa iwo amalankhula Cingerezi cosalala, kuonjezera pa Citonga, Cilozi ndi Cinyanja. Komabe pali mau ena amene saphunzitsidwa m'kalasi, ndipo mauwo ndiwo amene kawiri-kawiri amabisa nkhani ya mtengo, ya lonjezo ndi ya ciyamikiro.

Sabata ino danga lino lifotokoza zining'a za Cingerezi zimene zinabadwira m'masewera a baseball ku America. Liu liri lonse la m'zining'azi ndi lodziwika, ndipo mwana wa Giredi 7 angathe kuliwerenga, koma tanthauzo la cining'a conse liri m'bwalo la masewera limene anthu ambiri a m'dziko muno sanapondemo. Amene adziwa m'mene masewerawo acitikira adzamva zimene mlendo anena, pamene wosadziwa adzangogwedeza mutu, kenaka nataya ndalama kapena kukwiya popanda cifukwa.

CINGEREZI CA NJIRA ZIWIRI

Cingerezi cinakhazikika ku Livingstone pamodzi ndi njanji ndi Boma la atsamunda. Ulalo wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya unatsegulidwa m'caka ca 1905, ndipo mzindawu unali likulu la Northern Rhodesia kuyambira mu 1911 kufikira mu 1935, pamene likulu linasamukira ku Lusaka. Cingerezi ca m'maofesi, m'makhoti ndi m'masukulu a nthawi imeneyo cinali ca ku Britain. Dziko litalandira ufulu mu 1964, lamulo la maphunziro la 1966 linakhazikitsa Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira, ndipo kalembedwe ndi kalankhulidwe ka m'sukulu kanatsatabe njira ya ku Britain.

Angerezi sewero lao la mpira ndi cibonga ndi cricket, motero zining'a zao zambiri zinacokera kumeneko. Akulu-akulu amene anagwira nchito m'maofesi akale akumbukira mau onga "a sticky wicket", kunena bvuto losautsa kucokamo, kapena "it is not cricket", kunena kuti cinthu sicinacitike mwacilungamo. Munthu akamwalira atakalamba, Mngerezi amati anali ndi "a good innings", ndiko kuti masiku ake anakwanira bwino.

Cingerezi ca ku America cinafika ndi njira ina. Cinadzera m'makanema, m'nyimbo ndi pa wailesi, ndipo masiku ano cidzera pa intaneti ndi m'makalata a pa kompyuta a makampani ndi mabungwe. Ku Livingstone cinadzeranso pa mtsinje. Mu 1981 gulu la Sobek la ku America ndilo linayamba kutsika m'mafunde a Zambezi kunsi kwa mathithi ndi mabwato a mphira, ndipo nchito imeneyo inakula nikhala malonda olemba acinyamata ambiri. Mu 1989 bungwe la UNESCO linaika mathithiwo pa mndandanda wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi, ndipo mu 2013 Livingstone pamodzi ndi tauni ya Victoria Falls ku Zimbabwe inalandira msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations loyang'anira za alendo okaona malo. Alendo ataculuka, mitundu ya Cingerezi comveka m'mseu wa Mosi-oa-Tunya nayo inaculuka.

MASEWERAWO ACITIKA MOTANI

Baseball ndi sewero la matimu awiri, iri yonse ya anthu 9. Timu imodzi imamwazikana m'bwalo kulonda mpira, pamene inzake imatumiza anthu ake mmodzi-mmodzi kukamenya. M'bwalomo muli zigono zinai zoikidwa m'ngondya zinai, zotalikirana mamita 27, ndipo cigono ciri conse cichedwa "base". Cigono coyambira, cimenenso ndico cotsirizira, cichedwa "home plate", ndipo ndi kacidutswa ka mphira woyera kokhazikidwa m'nthaka. Woponya amaima pa kaculu, mamita 18 kucokera pamene pali womenya, naponya mpira wolimba wokutidwa ndi cikopa, waukulu ngati lalanje, pa liwiro limene kwa akatswiri lipitirira makilomita 150 pa ola.

Womenya, atagwira cibonga cochedwa "bat", amayesa kuumenya mpirawo. Akaumenya bwino amataya cibonga nathamangira ku cigono coyamba mpira usanafikeko. Akazungulira zigono zonse nabwerera pamene anayambira, timu yake imalemba cigoli cimodzi, cimene eni ake acicha "run". Koma akaphonya, kapena akalekerera mpira woponyedwa bwino kudutsa osaumenya, woweruza amawerenga "strike". Zikakwana zitatu, womenyayo watuluka. Anthu atatu akatuluka, matimu amasinthana malo, ndipo matimu onse awiri akamenyako ndiye kuti yatha "inning" imodzi. Sewero lathunthu liri ndi zigawo zotere 9.

Amene anasewerako rounders ku sukulu adzaona kuti masewera awiriwa ndi apacibale. Kalabu ya Knickerbocker ya ku New York inalemba malamulo ake ochuka mu 1845. Timu yoyamba kulipira poyera osewera ake onse inali ya ku Cincinnati mu 1869. Ligi ya National League inakhazikitsidwa mu 1876, American League inakhala ligi yaikulu mu 1901, ndipo mpikisano wa akatswiri a maligi awiriwa, wochedwa World Series, unayamba mu 1903. Popeza manyuzipepala akhala akulemba za masewerawa kwa zaka zoposa 150, mau ake analowa m'malonda, m'ndale ndi m'nyumba momwe, kotero kuti ngakhale munthu wa ku America amene sakonda baseball amawalankhula osazindikira kuti ndi zining'a.

MAU A PA MTENGO

Bwalo la baseball lichedwa "ballpark". Bwalolo ndi lalikulu, ndipo mpira ungagwe pali ponse, koma ukagwa m'kati mwa mpanda sunapite kutali. Motero "ballpark figure" ndi ciwerengero congoyerekeza, cosatalikirana kwambiri ndi ceni-ceni koma cosamangidwa. Mlendo amene afuna kupita ku ulalo wa Kazungula, mtunda wa makilomita pafupi-fupi 70 kucokera ku Livingstone, akauza woyendetsa takisi kuti "Give me a ballpark figure", safuna mtengo wotsiriza. Afuna kudziwa ngati thumba lake lingakwanitse ulendowo. Woyendetsayo akachula ndalama, mlendo nayankha kuti "That is in the ballpark", ndiye kuti mtengowo wayandikira pa zimene iye anaganiza, koma kubvomera kweni-kweni kukali m'tsogolo.

Ngozi ya mauwa iri mbali ziwiri. Woyendetsa amene achula ndalama yocepa dala kuti akope mlendo, nadzaiwirikiza pofika, adzakangana naye, cifukwa mlendo amayembekezera kuti mtengo weni-weni udzakhala pafupi ndi umene unachulidwa. Mbali ina, wogula wa kunja akalembera wosema kuti angadzafune njobvu zamtengo 200 "as a ballpark figure", wosemayo asathamangire kukakongola ndalama zogulira mukwa wa njobvu 200. Ciwerengeroco cingatsike kufika pa 150, ndipo ngongole yokha ndiyo imene siidzatsika.

Pokambirana mtengo pangamvekenso mau akuti "to play hardball". Pali sewero lina la pacibale lochedwa softball, la mpira waukulupo woponyedwa ca m'munsi, pamene baseball yeni-yeni ndiyo ya mpira wolimba. Munthu akati mnzake "is playing hardball" atanthauza kuti waumitsa khosi, sakugonja ngakhale ndi ngwee imodzi. Mauwa ndi cenjezo lakuti kukambirana kwafika pouma, ndipo wogulitsa wanzeru amaona pamenepo ngati ayenera kutsitsa pang'ono kapena kumlola wogulayo apite.

MVULA IMENE SIIGWA

Mau amene asokoneza koposa onse ndi "rain check". Baseball siiseweredwa pa mvula yamphamvu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1880, eni mabwalo ku America anali kupatsa oonerera kacidutswa ka tikiti kowalola kudzalowanso tsiku lina popanda kulipira, sewero likalekezeka cifukwa ca mvula. Kacidutswako ndiko "rain check". Masitolo a kumeneko nao anatengera mwambowu: katundu wotsitsidwa mtengo akatha, wogula amapatsidwa kakalata komlola kudzagula pa mtengo womwewo katundu wina akafika.

Koma m'kamwa mwa munthu wamba, "I will take a rain check" ndiko kukana mwaulemu. Atanthauza kuti lero sizitheka, kapena tsiku lina. Mvula siikhudzidwa konse, ndipo mauwa angawanene m'mwezi wa October dzuwa likuswa mtengo. Pa mathithi, pamene alendo amabwereka makhoti a mvula pooloka kaulalo ka Knife Edge m'miyezi ya madzi ambiri, munthu angaganize kuti mlendo afunsa za khoti, pamene iye wakana zimene wauzidwa.

Wolemba maina a okwera bwato la madzulo pa Zambezi akamva mauwa asasunge mpando, ndipo mai wogulitsa nsalu asacotse citenje pa thebulo kuti asungire mlendoyo. Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mlendo wa ku Livingstone amakhala masiku owerengeka, ndipo tsiku lina limene anena lingam'peze ali m'ndeke. Coyenera ndi kufunsa mwaulemu kuti, "Bwana, kodi ndikulembereni tsiku liti?" Akachula tsiku napereka cikole, ndiye kuti pali lonjezo. Akangomwetulira nayamika, nkhaniyo yathera pomwepo.

ZIGONO ZINAI

Wothamanga mu baseball ayenera kuponda cigono ciri conse, ndipo akalumpha cimodzi timu inayo ingadandaule kwa woweruza, iye natulutsidwa. Apa ndipo panacokera "to touch base", mau amene adzala m'makalata a m'maofesi masiku ano. "Let us touch base next week" ndiko kuti tidzalankhulane mwacidule sabata ya mawa, kaya pa lamya kaya pa kalata. Wofuna nchito pa hotela amene wauzidwa tere asapite kunyumba kukauza makolo kuti walembedwa. Walonjezedwa kulankhulana cabe.

"To cover all the bases" ndiko kukonzekera mbali zonse, monga momwe timu yolonda mpira iikira munthu pa cigono ciri conse. Woperekeza alendo kutsidya kwa ulalo amene waona za ziphaso zoolokera malire, matikiti, madzi akumwa ndi galimoto yobwerera ndiye amene wacita zimenezi. Wothamanga akapezedwa atacoka pa cigono nakhudzidwa ndi mpira, watuluka, ndipo cifukwa cace "You are off base" ndiko kuti walakwitsa, maganizo ako ali kutali ndi coona. Cinthu cimene "did not get to first base" calephera poyambirira penipeni. Koma pano pafunika kucenjera, pakuti pakati pa acinyamata a ku America kuwerenga zigono kotere kumanenanso za cibwenzi ca mwamuna ndi mkazi. Wa nchito wodzilemekeza sayenera kusereula ndi mlendo pogwiritsa nchito mau amenewa.

KULEPHERA NDI KUPAMBANA

M'dziko muno liu la "strike" lidziwika monga sitalaka ya anchito, ndipo okonda mpira wa miyendo adziwa "striker", womwetsa zigoli. Mu baseball liuli ndi la tsoka kwa womenya. "I struck out" ndiko kuti ndalephera, kapena m'Cinyanja cokoma, ndalemba m'madzi. Mlendo amene wabwerera ku hotela nati "We struck out on the rhinos" sanamenye zipembere zoyera za m'paki ya Mosi-oa-Tunya, ndipo palibe cifukwa coitanira apolisi. Anena kuti anazifuna osaziona. Munthu amene ali ndi "two strikes against him" walakwa kawiri ndipo watsala ndi mwai umodzi wokha. Woyang'anira nchito akanena tere kwa wa nchito, ndi cenjezo lotsiriza.

Mauwa anafika ngakhale m'malamulo. Mu 1994 cigawo ca California cinakhazikitsa lamulo lodziwika ndi dzina lakuti "three strikes", limene linali kupereka cilango ca zaka 25 kufikira moyo wonse m'ndende kwa wopezeka ndi mlandu waukulu kacitatu. Mu 2012 anthu a m'cigawoco analifewetsa mwa voti, kuti cilango cotere cidzigwera makamaka amene mlandu wao wacitatu uli woopsya kapena waciwawa. Ici cionetsa kuzama kumene masewerawa analowa nako m'maganizo a mtundu umenewo.

Mbali ya cikondwerero ndiyo "home run". Womenya akaumenya mpira mwamphamvu nulumpha mpanda wa bwalo, palibe angaugwire, ndipo iye amazungulira zigono zonse mosathamangitsidwa ndi munthu. Babe Ruth anacita zimenezi nthawi 60 m'caka ca 1927 cokha, ndi nthawi 714 m'moyo wake wonse wa masewera, ciwerengero cimene Hank Aaron anacipitirira mu 1974. Motero cinthu ciri conse cimene catheka bwino kopambana cichedwa "a home run". Ku Livingstone, kumene liu la "park" likumbutsa paki ya nyama kapena msika wa ziboliboli, wophika angadzidzimuke pomva mlendo ali kunena kuti "You knocked it out of the park". Palibe amene wagwetsa kanthu ndipo palibe amene apitikitsidwa m'paki. Ici ndi ciyamikiro cacikulu, ndipo yankho lake ndi zikomo.

Mau amene aoneka ngati okoma koma ali owawa ndi "bush league". Maligi ang'ono a m'matauni akutali anali kunyozedwa ndi dzina limeneli. Popeza alendo ambiri amabwera kudzaona chire ndi nyama zake, mwini malo ogona angayese kuti mlendo wayamikira kukongola kwa chire. Iai, wanena kuti nchito yacitika mwacibwana, yosafika pa muyeso. Popeza masiku ano alendo amalemba maganizo ao pa intaneti, pamene anzao amawerenga asanasankhe kogona, mwini malo akaona mauwa ayenera kukonza zinthu msanga.

MBALE YOPANDA NSIMA

"To step up to the plate" siikhudza cakudya. Mbale imene inenedwa ndi kacidutswa ka mphira kaja pamene womenya amaima yekha, maso a bwalo lonse ali pa iye. Cining'aci citanthauza kudzipereka kusenza udindo pa nthawi yofunika, pamene ena akankhirana. Mkulu wa nchito akati "I need you to step up to the plate" apempha wa nchito kuti atsogolere. Cofanana naco ndi "pinch hitter", wosewera amene alowetsedwa kukamenya m'malo mwa mnzake zinthu zikathina. Mlembi amene alandira alendo tsiku limene wolandira alendo wadwala ndiye amene "is pinch-hitting".

Woponya waluso amatha kuupotoza mpira ndi zala kuti ukhote uli m'mlengalenga, womenya naphonya. Mpira wotere ndi "curveball", ndipo "They threw us a curveball" ndiko kuti atidzidzimutsa ndi cinthu cobvuta cimene sitinaciyembekezere, monga ndeke kusintha nthawi alendo atafika kale pa bwalo. Cinthu cimene "came out of left field" catulukira kumene maso sanali kuyang'ana, ndipo kawiri-kawiri ndi funso kapena ganizo lacilendo losagwirizana ndi nkhani imene iri pa bwalo. Zinthu zikasinthiratu, kotero kuti mapangano akale sagwiranso nchito, amati "It is a whole new ball game".

Pali zining'a ziwiri zofanana m'kamvekedwe zimene ophunzira ayenera kuzisiyanitsa. "Right off the bat" ndi ca baseball, ndipo citanthauza nthawi yomweyo, monga mpira ucoka pa cibonga mosacedwa. "Off his own bat" ndi ca cricket, ca ku Britain, ndipo citanthauza kucita cinthu mwa iwe wekha popanda wokutuma. Wolemba mayeso kapena kalata ya nchito akasokoneza ziwirizi, tanthauzo lonse lasokera.

ATATU PA KHUMI

Luso la womenya limayesedwa pogawa nthawi zimene wamenya bwino ndi nthawi zimene waima pa mbale. Amene apambana katatu pa nthawi khumi ziri zonse amalembedwa .300, ndipo ameneyo ndi katswiri. Ted Williams wa timu ya Boston Red Sox anafika pa .406 mu 1941, ndipo kucokera caka cimeneco palibe wina m'maligi awiri aja amene wafika pa .400 m'nyengo yathunthu ya masewera. Motero "batting a thousand" ndiko kusaphonya ngakhale kamodzi, cinthu cimene m'bwalo sicikhalitsa. Mauwa anganenedwe moyamikira, koma anganenedwenso monyodola kwa munthu amene walakwitsa zonse motsatizana, ndipo womva ayenera kuchera khutu ku liu ndi kuyang'ana nkhope ya wonenayo. Wogulitsa pa msika angatolepo nzeru apa, pakuti ngakhale katswiri wa masewerawa amabwerera cimanja-manja kasanu ndi kawiri pa khumi.

Maligi akulu achedwa "the big leagues" kapena "the major leagues", ndipo munthu amene wakwera kufika pakati pa akatswiri a nchito yake amauzidwa kuti "You are in the big leagues now". Kwa zaka zambiri khomo limeneli linali lotsekedwa kwa anthu akuda, kufikira pa 15 April 1947 pamene Jackie Robinson anasewerera timu ya Brooklyn Dodgers. Mu 2012 timu ya ana ya ku Uganda inakhala yoyamba ya mu Africa kusewera mu mpikisano wa Little League World Series, ndipo pa 26 April 2017 Gift Ngoepe wa ku South Africa analowa m'ligi yaikulu ndi timu ya Pittsburgh Pirates, namenya bwino pa nthawi yake yoyamba yomwe.

COCITA

Palibe manyazi pa kusamva cining'a ca eni ake. Mlendo amene waphunzira Cinyanja ca m'buku angadabwe cimodzi-modzi atamva kuti wina wamtsina khutu mnzake, pamene palibe khutu lakhudzidwa, kapena kuti wamgwiritsa fuwa la moto, pamene palibe cala capsya. Mtundu uli wonse umatenga zining'a ku zimene uzidziwa: Anyanja ku munda, ku moto ndi ku uzimba, Angerezi ku nyanja ndi ku cricket, a ku America ku baseball. Colakwa ndico kubvomera cimene sunamve, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa.

Cifukwa cace wa nchito za alendo asunge zinthu zitatu. Coyamba, akamva mau okaikitsa afunse pomwepo kuti mlendo afotokoze m'mau ena. Mlendo sakwiya ndi funso lotere, ndipo ambiri amakondwa kusimba za masewera a kwao. Caciwiri, nkhani iri yonse ya ndalama, tsiku ndi ciwerengero ca katundu ilembedwe pa pepala kapena pa lamya m'manambala, onse awiri naiona, cifukwa nambala iribe cining'a. Cacitatu, iye mwini asathamangire kukometsera Cingerezi cake ndi mauwa polankhula ndi mlendo ali yense. Wocokera ku Germany, ku India kapena ku China angasokonezeke nao monga momwe asokonezekera wa ku Maramba kapena ku Dambwa, ndipo Cingerezi comveka ndico cimene cigulitsa katundu.

Aphunzitsi a Cingerezi m'masukulu a sekondale ndi a m'makoleji ophunzitsa za mahotela angathandize kwambiri pojambula bwalo la baseball pa bolodi kamodzi kokha, ndi zigono zake zinai, kaculu ka woponya ndi mpanda. Wophunzira amene waona cithunzi cimeneco sadzafunika kuloweza zining'a makumi awiri pamtima, pakuti zambiri adzazimasulira yekha. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo m'mzinda umene udalira alendo phulalo limadyedwa ndi banja lonse.

Sabata ya mawa danga lino lidzafotokoza zining'a za Cingerezi zocokera ku mpira wa miyendo ndi ku nkhonya.